Wa Nsapato Zakuda pa Mlatho wa Calder

Shawna Vondracek ananyamuka usiku utapita kale, ndipo cholakwa sichinali chake. Apongozi ake, amene anayenera kudzagona ndi mwana, anafika mochedwa, ati galu anathawa pakhomo. Shawna anawaloza pamene pali mankhwala a mphumu a mwanayo, Wyatt, n'kuliza galimoto iwo akadalongosola za galuyo. Yunifolomu anali atavaliratu.

Loweruka ndi Lamlungu limodzi pamwezi Shawna amakhala msilikali, masiku ena onse amaphika m'kantini ya pasukulu. Kale gulu lawo linkakumana pafupi, koma akuluakulu anatseka nyumba zing'onozing'ono za asilikali n'kusonkhanitsa onse kutsidya lina la Nebraska. Tsopano kuti upeze perete wa m'mawa, uyende usiku wonse. Sajeni Ortega anali atamuuziratu kuti akadzachedwanso amulemba kuti wajomba, ndipo ntchito yathera pomwepo. Akachotsedwa, inshuwalansi ya chipatala ya Wyatt yapita. Pa ola limenelo musamufunse za kukonda dziko, iye ankaganiza za chifuwa cha mwana basi.

Msewu wa m'zitunda za mchenga ulibe nyumba, ulibe nyale. Mpanda wa waya, ng'ombe, mphepo. Khofi anazizira m'kapu.

Pa mlatho wa Calder nyale za galimoto zinaunika munthu. Yunifolomu, chikwama paphewa, dzanja m'mwamba.

"Ayi bambo, osati lero," anatero Shawna yekhayekha, koma phazi linali litaponda kale buleki. Wovala yunifolomu sumusiya pamsewu. Lamulolo silinalembedwe paliponse, koma ukangodutsa, gulu lonse limva.

Analowa bambo wachikulire wa ndevu za pamlomo, kuzizira n'kulowa naye limodzi, ndi fungo la polishi. Zikomo sananene. Anaweramira kumapazi kwa Shawna n'kupukusa mutu.

"Nsapato zakozo sunapolishe, mtsikana iwe. Ukaziona kwa sajeni."

Shawna anamuuza kuti nsapato za masiku ano n'zofiirira, sazipolisha, ndipo kuti wangokwera chabe galimoto ya mwini asayambe kuyendera anthu. Bamboyo anangoloza kutsogolo, ati akhotere kumanzere, ku Harmon. Shawna anati nyumba ya asilikali ya ku Harmon anaitseka iye asanalowe n'komwe usilikali.

"Perete ali ku Harmon. Ndachedwa kale."

Shawna anamufotokozera bwinobwino. Anamukalipira. Anamuuza za Ortega, za mwana, za nthawi. Yankho linali lomwelo, liwu lomwelo. Shawna anaganiza kuti n'nkhalamba yosokonezeka mutu, ndipo kuitsitsa pachisanu chotero kunali kuipha. Anatukwana chamumtima, n'kukhota.

Tala anatha, unayamba msewu wa miyala. Makina otenthetsa anali pamapeto, koma zala zake zinauma gwa. Mpweya wake unkatuluka ngati utsi. Anayang'ana pakamwa pa bamboyo. Palibe utsi.

Kenaka anakumbukira chinthu china. Galimoto yake ija imalira ukangoika thumba la mbatata pampando wa kutsogolo wosamanga lamba, imalira mpaka kukupweteka mutu. Bamboyo sanamange lamba. Galimoto inali zii.

Shawna anamuyang'ananso mwakabisira.

Yunifolomu ya bamboyo inali yobiriwira, yachikale. Nsapato zakuda, zonyezimira. Munthu waima pamatope a pamlatho, koma dontho la thope ayi...

Nyumba ya ku Harmon inaoneka. Mawindo okhomedwa matabwa. Udzu wofika m'chiuno. Mdima.

"Ayamba kale," anatero bamboyo. "Ukuwamva?"

Shawna anayang'ana kunyumbako. Sanamve kanthu. Anatembenuka...

Mpando wopanda munthu! Chitseko chili chotseka, chokhoma. Fungo la polishi lokha.

Sadziwa mmene anabwererera pa tala. Anafika dzuwa litakwera, perete atatha, anzake akumwazikana. Sajeni Ortega anali chiimire pabwalo, manja kumbuyo, akuyang'ana galimoto yake ikulowa.

Mantha anali atasanduka mkwiyo. Shawna anakhuthula zonse, za mlatho, za nkhalamba yamakani, za Harmon, n'kumaliza ndi kuti ngati akufuna kumuchotsa amuchotse, koma akamufotokozere yekha Wyatt. Ortega sanamudule. Atatha anangofunsa ngati munthuyo anadandaula za nsapato.

Shawna anagwedeza mutu kuvomera.

"Ameneyo ndi Merle Hutchens. Anasinza pachiwongolero akuthamangira perete, galimoto n'kugwera pamlathopo. Ine ndinali kamnyamata kongolowa kumene, bokosi la maliro ake ndinanyamula nawo." Anakanda pakhosi. "Wonyamula Merle sitimulemba kuti wachedwa, Vondracek. Ulipo. Pita ukasukusule."

"Ndiye nonsenu mumadziwa, osandiuza?"

"Tikanakuuza ukanaima?"

Shawna anakhala pansi pomwepo, atatsamira tayala. Ntchito ilipo, inshuwalansi ilipo. Koma msewu wofika kuno kuchokera kwawo ndi umodzi wokha.

"Mwezi wamawa ndikamupezanso, Sajeni?"

"Mwezi uliwonse," anatero Ortega, akutembenuka kulowa mkati. "Munthu uja sajomba."