Zikhomo Zofiira M'munda mwa Kalebe

Umphawi wa Kalebe wa ku Msakambewa unali wochita kununkha. Munda wake unali m'mbali mwa phiri, miyala yokhayokha, chimanga cholekeza m'mawondo. Ndiye kunabwera kampani yofufuza malasha, n'kulengeza kuti mwini munda umene apezemo malasha okwanira alowa nayo mgwirizano: kampani makina, iye malo, phindu kugawana. Mnansi wake Gregorio, amene kampaniyo inayamba kumuboolera, anali atayamba kale kuyenda mothimbwidzika. Zinamuwawa Kalebe, zinamuwawa zedi.

Anapalasa njinga mpaka kumapiri a ku Ntchisi, kwa sing'anga wina wosadziwa kuseka.

"Mukufuna malasha pansi pa miyala yanuyo," anatero sing'angayo asanauzidwe n'komwe. "Zitheka. Koma nthaka sipereka zaulere, bambo. Dzenje lililonse limene aboole m'munda mwanu lidzadya munthu mmodzi wa magazi anu."

"Wosankha ndani?"

"Woyamba musankha nokha. Otsatirawo isankha nthaka."

Kalebe anaseka chamumtima. Otsatira ati? Iye adaonerera akuboola mjigo kwawo: dzenje limodzi, madzi phwii, anthu n'kulongedza. Malasha angasiyane pati? Anatchula malume ake, a Vinsenti, amene anali atagona pamphasa zaka ziwiri. Amenewo adapita kale, anadziuza choncho, kwangotsala kutseka maso. Analandira nsupa n'kukaikwirira pakati pa munda.

Makina ataboola dzenje loyamba, munatuluka miyala yakuda bii, yaitali ngati minsi. Masana omwewo a Vinsenti anatsokomola zakuda, n'kutsirizika.

Katswiri wa miyala wa kampaniyo, mayi Nasima, anaitembenuza miyala ija, kenako n'kumuyang'ana Kalebe nthawi yaitali.

"Kwa a Gregorio, pafupi pomwepa, tapeza kamzere kopyapyala ngati chala. Kwa inu kuposa msinkhu wa munthu. Bambo, simunaponyemo kanthu m'dzenjemu?"

"Ine? Ndiponyemo chiyani, mayi?"

"Kaya. Koma mabwana sasaina mgwirizano pa dzenje limodzi. Kuti tidziwe kuchuluka kwa malasha timaboola ponseponse, n'kuyerekeza. Makamaka pamene takayikira."

Sabata yotsatira munda wonse unali zikhomo zofiira, khumi ndi chimodzi. Chilichonse chinkasonyeza poti aboole dzenje lina. Chilolezo choboola Kalebe anali atadinda kale ndi chala chake, akumwetulira.

Pa dzenje lachiwiri, mlongo wake Faines anagwa kudimba ali ndi khasu m'manja. Pa lachitatu, mng'ono wake Frank. Onse kutsokomola zakuda. Anthu si ana. Pamaliro ankati Kalebe akakhala pansi, iwo n'kusendera. Mkazi wake Tabita anamufunsa maso ndi maso: "Bambo a Madalo, bwanji makina akalira kuno kumalira anthu? Munapita kuti ndi njinga tsiku lija?" Kalebe anadzuka n'kutuluka panja. Wa magazi ake anali atatsala mmodzi, mwana wawo Madalo, mtsikana wa folomu thuu.

Anakumba pamene adakwirira nsupa, osaipeza. Anathamangira kwa sing'anga.

"Nsupa idamira kale," anatero uja akusenda chinangwa. "Ine sindiboola, bambo. Kaletseni oboolawo."

Kalebe anakagwada kwa mayi Nasima kuti asiye kuboola. Apa ndiye anawonjezera moto. "Mukuopa chiyani?" anafunsa mayiwo. "Oletsa kuboola amakhala kuti akubisa chinyengo." Kalebe anazula zikhomo zonse n'kuzitaya kuchigwa. Ntchito yachabe! Malo onse a zikhomozo anali m'foni ya mayi Nasima.

Tsiku la dzenje lachinayi, Kalebe anafika m'munda makina akulira kale. Anakuwa pamaso pa anthu onse: "Zimitsani! Ndinakhwima ine! A Vinsenti, Faines, Frank, ndinapha ndine! Zimitsani, mwana wanga!" Woyendetsa makina anali ndi zotseka m'makutu. Anangoona munthu akukupiza manja, iye n'kumubayibitsa.

Anthu anamupeza Madalo atatsirizika panjira yochokera kusukulu, makope ali mbwee, pakamwa pali pakuda.

Mudzi unawathamangitsa a kampani, ndipo mgwirizano sunasainidwe. Tabita anabwerera kwawo. Lero mukafika pa Madisi mudzaona munthu wansanza atanyamula miyala m'thumba, akutseka dzenje lililonse limene waona, la mbewa, la mumsewu, ngakhale la bawo. Ameneyo ndi Kalebe.

Dyera, abale anga, limatseka munthu m'maso kuti asafunse funso lachiwiri. Chuma chogula ndi magazi sichikhuta munthu mmodzi, ndipo umphawi uli ndi abale ako amoyo umaposa malasha a phiri lonse.