Mfuti M'jasi la Bambo Pettiford

M'chaka cha 2010, m'tauni yathu ya Calloway Bend ku North Carolina, nyumba imene makolo ankalozera ana awo monga chitsanzo inali ya Bambo Ezell Pettiford ndi mkazi wawo Vernetta, mwana wa malemu Hosea Battle. Bambo Pettiford anali dikoni wa mpingo wathu kuyambira 1994, ndipo ankasamalira nyumba za pasukulu ya pulaimale: kukonza mipope, kukolopa, kutsegula zitseko m'mawa. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Keondre, wobadwa mu Epulo 1991.

Bambowa anali ndi mfuti yaing'ono yam'manja pamodzi ndi chiphaso choyenda nayo mobisa m'zovala. Kuti achipeze chiphasocho anachita maphunziro, anakadinda zala ku ofesi ya sherifu, mkulu wa apolisi a m'dera lathu, nadikira kufikira mbiri yawo itafufuzidwa. Mfutiyo ankaitenga popita kukawedza kutali. Masiku ena onse inkakhala m'bokosi lachitsulo lotsegulira manambala.

Tsiku lina pachakudya, Keondre anaiyamba nkhani ya mfutiyo.

"Adadi, mundibwerekeko Loweruka lokha. Kuwombera munandiphunzitsa nokha."

"Ndinakuphunzitsa kuwombera zitini," anayankha bambo ake. "Lamulo likuti ukwanitse zaka makumi awiri ndi chimodzi, uphunzire, sherifu avomere. Pachiphasopo pali dzina langa, osati la banja lonse."

"Zangotsala zaka ziwiri."

"Dikira zomwezo. Inenso mwini chiphasone kusukulu sindilowa nayo, kukhoti sindilowa nayo, ndipo nditalawa mowa sindingaikhudze."

"Mowa wake uti, a dikoni?" anatero Mayi Vernetta akuseka. "Iwe Keondre, nyamula mbalezi ukatsuke. Zimenezo sizifuna sherifu."

Keondre ankagwira ntchito yotsuka magalimoto limodzi ndi msuweni wake Dontrell Battle, amene ankamuposa ndi zaka zinayi. Masana ena Dontrell anakweza malaya pang'ono, chitsulo chakuda chinaonekera m'chiuno.

"Uli ndi chiphaso?" anafunsa Keondre.

"Chiphaso changa ndi malaya awa. Akaphimba, waona ndani?" Dontrell anamumenya paphewa. "Mwana wa adikoni! Ukudikira sherifu akulembere kuti tsopano ndiwe mwamuna? Dikira, aise. Mwina adzakugulira ndi thewera lomwe."

Anyamata onse ogwira nawo ntchito anaseka. Keondre anasekera nawo, koma mawuwo anapita nawo kunyumba.

Manambala a bokosi anawaba ndi maso, poyang'ana zala za bambo ake. Lachitatu lina mu Okutobala, makolo ali kumapemphero, anatsegula natenga mfutiyo. Ulendo woyamba anaibweza tsiku lomwelo chifukwa cha mantha. Wachiwiri anagona nayo. Pofika Disembala mantha anali atatha, ndipo bokosi linkakhala lopanda kanthu sabata yathunthu. Popeza malaya ake anali othina ndipo mfuti inkatukula nsalu, anayamba kuvala jasi lakale la bambo ake, lomwe linali ndi thumba lakuya mkati.

Mayendedwe ake anasintha. Pamalo omwetsera mafuta anakangana ndi munthu wachikulire pa nkhani ya mzere, natsegula jasi pang'ono. Mkuluyo anabwerera cham'mbuyo, nalowa m'galimoto. Keondre anamva kukoma.

"Bwanji suvula jasi ngakhale m'nyumba?" anafunsa mayi ake.

"Ndikumva kuzizira, Amami."

"Ukuzizidwa koma thukuta lili pamphumi? Mwanawe, ndinakubereka ndine. Chilichonse ukubisacho, chibweze kumene unachitenga chisanatidye tonse."

"Palibe chimene ndikubisa."

Lamulungu lina mu Januwale 2011, Keondre sanapite kutchalitchi. Anapita kwa Dontrell kumene ankakazinga milamba, namwa mowa kufikira miyendo italemera. Atafika kunyumba anakoloweka jasi kuseri kwa chitseko cha khitchini, nakagona.

Lolemba kunacha kozizira koopsa. Jasi lomwe Bambo Pettiford ankavala masiku onse linali lisanaume, choncho anatenga lakale lija. Kulemera kwake sikunawadabwitse, pakuti m'matumba mwake munkakhala zitsulo za ntchito. Atafika kusukulu anapeza mpope utaphulika m'chipinda chodyera, ana ali pamzere wa chakudya cham'mawa. Anavula jasi mwachangu naliponya pabenchi. Mfuti inagwa, niterereka pasimenti mpaka pamapazi a anawo. Sinalire. Mphunzitsi wina anakuwa, nakokera ana kukhoma.

Wapolisi amene anafika anali wowadziwa kuyambira ubwana wake.

"A Pettiford," anatero motsitsa mawu, "lamulo limalanga wolowa nayo pasukulu akudziwa. Ngati simunadziwe, nenani, ndipo mundiuze amene anaiikamo."

Bambowo analiyang'ana jasilo, nakumbukira amene ankalivala masiku amenewo.

"Mfutiyo ndi yanga," anatero. "Ndinaiikamo ndine."

Apolisi anawatenga, ndipo atatuluka pabelo anakhala patebulo kunyumba, nadalitsa chakudya monga mwa masiku onse. Mwana wawo sanamufunse kanthu. Amene analephera kupirira anali Mayi Vernetta.

"Ezell, chikwatirane nanu simunaiwalepo ngakhale kuzimitsa nyale. Lero mundiuze kuti munaiwala mfuti m'thumba?"

"Ndanena kale, Vernetta."

Mayiwo anatembenukira kwa mwana wawo. Keondre anayang'ana m'mbale.

M'mawa mwake anakaulula kwa Dontrell.

"Ndiye ukufuna chiyani, ukadzipereke?" anatero msuweniyo. "Mdalayo ndi wachikulire, alibe mlandu wina, woweruza amumvera chisoni. Iwe akakutsekera. Khala chete. Ndipo dzina langa lisamveke kulikonse, wamva?"

Keondre anakhala chete, ndipo zinthu zinagwa chimodzichimodzi iye akuona. Mu Febuluwale bambo ake anachotsedwa ntchito, chiphaso chinalandidwa. Makolo amene kale ankawapatsa moni ndi manja awiri anayamba kuwolokera tsidya lina la msewu. Mu Malichi, Bambo Pettiford anaimirira pamaso pa mpingo natula udikoni.

"Ndili ndi chinthu pamtima," anatero, "chimene sichindilola kugwira mbale ya mgonero."

Tonse tinkayesa akunena za mfuti. Keondre yekha, atakhala kumbuyo, anadziwa kuti akunena za bodza, ndipo kuti bodzalo analinenera iye. Anawonda. Akamva bambo ake akutsokomola kuchipinda, ankatuluka panja.

Mlandu unalowa mu Juni. Loya anali atalangiza Bambo Pettiford kuti avomere mlandu kuti chilango chichepe, ngakhale kuti dzina lawo likanalembedwa pakati pa opalamula milandu ikuluikulu kwa moyo wawo wonse. Kalaliki wa khoti anawabweretsera Baibulo kuti alumbire. Dzanja lawo linaima m'malere, osafika pachikuto.

"Musalumbire, Adadi!"

Keondre anali ataimirira.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero bambowo osacheuka.

"Sindikhala. Bwana woweruza, manambala ndinaba ndine. Mfuti ndinaiika m'jasimo ndine, ndili woledzera. Iwowa sanadziwe kanthu."

Mayi Vernetta anaphimba nkhope ndi mpango. Bambo Pettiford anatsitsa dzanja, nakhala pampando.

Mlandu wawo unathetsedwa, koma ntchito sinabwerere, pakuti akuluakulu a sukulu anati munthu amene ananamiza apolisi sangasungenso makiyi a zipinda za ana. Udikoni anaukana okha pamene mpingo unawapempha kachiwiri. Keondre anaweruzidwa pa milandu ya kuba mfuti ndi kuyenda nayo mobisa popanda chiphaso, ndipo analowa m'ndende mu Ogasiti. Dontrell sanapiteko kukamuona.

Bambo ake ndiwo ankapita. Ulendo woyamba anakhala moyang'anizana, galasi lili pakati.

"Adadi, mundikhululukire."

"Ndinakukhululukira tsiku lomwe lija, ndisanakwere galimoto ya apolisi."

"Ndakuwonongerani ntchito, ndi dzina lomwe."

"Zimenezo ndimagona nazo tulo," anatero bambowo. "Chimene sindigona nacho ndi ichi. Pamzere paja panali kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, Jalissa. Mfuti itaima pamapazi ake, kanawerama kuti kaitole. Kamafuna kundibweretsera, poti kanaona kuti yagwa m'jasi langa. Mphunzitsi anakagwira mkono zala zitakhudza kale chitsulo."

Keondre anatsamira mutu pagalasi, nalira mosadziletsa mpaka mlonda anadzamutenga.

Achinyamata, imvani. Tchimo lobisa m'zovala silikhala la mwini yekha. Amene akukuuzani kuti palibe akuona sadzakhalapo tsiku loonekera. Adzakhalapo ndi amene amakukondani, ndipo ndiwo adzayambe kulipira. Lamulo likati dikirani, dikirani. Kholo likati bweza, bwezani tsiku lomwelo. Ndipo ngati mwalakwa kale, nenani msanga, wosalakwa asanasenze mlandu wanu.