Ndani Wanyowetsa Pansi?

Kunyumba kwawo ankamutcha Kabwanji. Ankakonda kufunsa. "Bwanji? Chifukwa chiyani?"

Kabwanji anali ndi kagalu. Kagalu kakuda, ka makutu aatali. Ankakakonda kwambiri.

Koma panali vuto. M'khitchini munkapezeka madzi pansi. Amayi akakolopa, madzi ankabweranso.

"Ndi kagalu aka!" anatero achimwene ake. "Kakumakodza muno."

"Ndatopa nako," anatero amayi. "Mawa kachoke."

Kabwanji anakanyamula kagalu. Anakakumbatira.

"Ayi, amayi. Sikachoka!"

"Iwe! Mwano umenewo!" anatero achimwene.

"Si mwano. Ndikungofunsa. Achimwene, munakaona kakukodza?"

"Sindinakaone. Koma ndikudziwa."

"Mukudziwa bwanji? Mukungoganiza. Tiyese kaye!"

Amayi anamuyang'anitsitsa. "Chabwino, yesa. Koma lero lokha."

Kabwanji anakolopa pansi. Panauma gwa. Anatulutsa kagalu. Anatseka chitseko. Anakhala panja, kagalu kali pamiyendo.

Anadikira. Anadikira. Anadikirabe.

"Walephera?" anafunsa achimwene.

"Sindinalephere. Ndikudikira."

Kenako Kabwanji anatsegula chitseko. Pansi panali madzi!

"Amayi, bwerani muone! Kagalu kanali ndi ine panja."

"Mwina kanalowera pawindo," anatero achimwene.

"Ndi timiyendo timeneti?" anafunsa Kabwanji.

Amayi anaseka. "Nanga madziwa akuchokera kuti, mwanangu?"

"Sindikudziwa, amayi. Koma ndifufuza."

Kabwanji anayang'ana kudenga. Kudenga kunali kouma.

Anagwira khoma. Khoma linali louma.

Anagwada. Anatsatira madzi aja ndi chala. Pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono. Chala chinafika pa ndowa ya madzi.

"Achimwene, tandinyamulireni ndowayi."

Achimwene ananyamula. Kabwanji anaika mbale youma pansi pake. Onse anayang'anitsitsa m'mbalemo.

Tho! Dontho linagwera m'mbale.

Tho! Linagwanso lina.

Kabwanji anasuzumira. "Kabowo! Ndowayi ili ndi kabowo!"

Amayi anawerama. Anakaona kabowo. Achimwene anawerama. Nawonso anakaona. Kanali kakang'ono ngati diso la singano.

Achimwene anakanda mutu. Ananjuta pafupi ndi kagalu.

"Pepa, kagalu. Ndinakunamizira."

Kagalu kanawanyambita mphuno. Achimwene anadumpha. Kabwanji anaseka mpaka kukhala pansi.

"Amayi, ndiye mawa kachoke?"

Amayi anasisita kagalu pamutu. Anasisitanso Kabwanji pamutu.

"Kagalu sikachoka," anatero amayi. "Ichoke ndi ndowayi!"