Waya Wokulungidwa Bwino wa ku Golomoti

Lachiwiri, 6:40 m'mawa, mtembo wa Henry Kadzamira, katswiri wofufuza malasha, unapezeka m'munda wa thonje kum'mawa kwa Golomoti, mutu utaphwanyidwa. Pomwe Insipekita Chakufwa Mbewe ankafika, anyamata ake anali atamanga kale mwini munda, a Ezekiele, omwe dzana lake analumbira kuti apha munthu chifukwa cha mawaya opondereza thonje lawo.

Pa zaka 26 za upolisi, Chakufwa ankadzitama kuti sanatsekerepo wosalakwa, ndipo sankafuna kuyambira pa nkhalambayi.

"Tizitsulo tozikidwa pansiti n'tachiyani?" Chakufwa anafunsa Edina, wowerenga makina a kampani yofufuza malashayo.

"Ndi makutu athu, bwana. Tikaphulitsa wonga, timamvera momwe nthaka yanjenjemerera, n'kudziwa pamene pagona malasha. Ngakhale mapazi a munthu amamveka."

"Ndiye tiuzeni anayenda pano dzulo."

"Sizitheka. Mzere wa mawaya wa m'munda uno unazima 5:12 madzulo."

Chakufwa anautsatira mzerewo. Waya sanadulidwe ayi. Anachita kumasulidwa mfundo ndi mfundo, n'kukulungidwa mopingasa, mwaudongo, n'kumangidwa mfundo. Insipekitayo anamwetulira. Mlimi wolusa akanangotema ndi khasu, osati kuyalula ngati mphasa ya mlendo.

Itakwana 2:30 masana, m'chipinda chofunsira mafunso, Chakufwa anapatsa a Ezekiele waya kuti akulunge. Anadzikola nawo mpaka m'khosi. Kenaka anaitana Davison Kamwendo, kapitawo woyala mawaya, mwana wa ku Golomoti komweko, n'kumuponyera wayayo mosalabadira.

"Tandichotserani ichi pa tebulo."

Manja a Davison sanafunse mutu. Anakulunga mopingasa, n'kumanga mfundo yomweyo ya kumunda.

"Munatseka makutu a makina kuti asamve mapazi anu," anatero Chakufwa, "koma manja anu sadziwa kugwira ntchito mosasamala."

Davison anawayang'ana manjawo.

"Henry anandionetsa mapu," anayankha motsitsa mawu. "Malasha ali pansi pa mudzi wathu, bwana, ndi manda omwe. Lachisanu akanapereka lipoti, ife n'kusamutsidwa. Ndinamupempha mogwada. Anakana, ndiye ndinatola mwala."

"Lipotilo a Edina analitumiza kale dzulo 4 koloko, Henry akadali moyo," anatero Chakufwa.

Davison anagwetsa nkhope pa tebulo. Chakufwa anatuluka, mtima uli m'malo, n'kukamasula yekha unyolo wa a Ezekiele.

"Pitani, bambo. Thonje likudikira."