Mpaipi Wachiwiri

Kalipentala anachoka kwa apongozi ake mdima utagwira kale. Nguluwe zinali zitatsala pang'ono kumumalizira munda, ndiye anakabwereka mfuti kuti m'bandakucha akazidikirire. Koma apongozi akewo akayamba za mfuti yawo, tiyi amachita kuzizira m'kapu.

Nayonso mfutiyo inali yoti munthu n'kuikamba. Ija yokoka chogwirira cham'munsi, kwatcha-kwatcha, chipolopolo chakutha n'kulumpha, china n'kulowa. Mtengo wake unali utada bii ndi manja a anthu, wosalala ngati mpini wakale. Kalipentala, munthu wodziwa matabwa, ankangousisita njira yonse, mtima uli mbee.

Pamlatho, achule anangoti zii. Pachitsulo cham'mbali panatsamira munthu, nkhope atayang'anitsa kumadzi.

"Alamu, tabweretsani ndiione."

Alamu? Mkazi wake analibe mlongo wamoyo. Komabe manja anapereka okha.

"Iyi ndi yamtundu wachiwiri," anatero mlendoyo. "Zoyamba zinali ndi kanyundo panja, kankakola zovala. Kenako anakabisa m'kati, thupi lonse n'kulisema pachitsulo chimodzi. Zamasiku ano n'zopepuka, koma sizifika apa."

Zala zake zinkayenda mumdimamo mosafufuza. Anapotokola kachitsekero, mpaipi wa mfutiyo n'kuchoka bwinobwino. Kalipentala anasirira. Ukatswiri wotere anali asanauonepo.

"Mafuta pang'ono chabe, ochuluka amaitana fumbi. Ndipo musanaike chipolopolo, muzisuzumira. Tayang'anani mwezi."

Kalipentala anaika diso kumpaipi, n'kulozetsa kumwamba. Mdima. Anapukuta diso, n'kuyang'ananso. Mdima wokhawokha...

Mlendoyo anathyola bango n'kutokosa. Munagwa dothi louma gwa, chisa cha tizilombo timene timamanga pakhoma. Kalipentala thukuta linamutsika kumsana. Akanangowomba m'mawa mwake, chitsulo chikanamuphulikira kumaso.

"Mfutiyi ilibe mlandu," anatero munthu uja, akuibwezera mpaipi mwaulemu. "Wosasuzumira ndinali ine."

Anatembenuka. Mwezi unamuwalira. Tsaya lakumanja... panalibe!

Kalipentala sanadziwe kuti mlathowo anauwoloka bwanji. Anangozindikira akugogoda pakhomo, mfuti ataikumbatira.

Mkazi wake anamvetsera zonse osamudula. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kuyala mfutiyo pamiyendo.

"Bambo sanakuuzeni? Amakamba zonse za mfutiyi, kupatula chimodzi. Mpaipi uwu ndi wachiwiri. Woyamba unaphulikira achimwene, nawonso akudikirira nguluwe. Tinawaika inu musanandifunsire n'komwe."

Anasisita mtengo wakuda uja, misozi ikugwera pachitsulo.

"Ndiye akuti alamu? Akanakukondani, inu."