Ukanene Kuti Folke Wasiya

Tyra anachoka pa kanyumba ka kalabu nthawi itapitirira leveni koloko usiku, ndipo anachoka ndi mkwiyo. Anzake onse anali atasamba, atamwa khofi ndi mabanzi a sinamoni, akukwera magalimoto. Iye anali chikhalire pabenchi, mapu ali pamaondo.

Masewera athu kuno ku Bergslagen ndi omwe aja: mapu ndi kampasi m'manja, ulowe m'nkhalango, upeze mbendera zobisika motsatana, ubwere msanga. Tyra anali atawathamanga zaka khumi ndi zisanu, m'matope ndi m'chisanu, mpaka zikhadabo za kumapazi zinachita kumuthawa. Chaka chimenecho ankafuna ndime ya usiku pa mpikisano waukulu wopatsirana. Koma pa zokonzekera za tsiku limenelo mbendera yachisanu ndi chiwiri inamuzunguza mutu, mpaka anabwerako osaipeza.

"Iwe Tyra, kwera tizipita," anatero a Sixten, mphunzitsi wake, atatulutsa mutu pawindo la galimoto. "Mapuwo ukuwayang'anitsitsa chonchi ukufuna akupepese?"

"Pitani, ndiyenda pansi. Chikwama changa mukachisiye pakhonde."

"Uyende mumsewu, wamva? Mutu wakowo ndimaudziwa ine, ndi wouma kuposa miyala ya m'nkhalangomu."

"Ndamva, a Sixten."

Anamva kumene, koma kumva kwa Tyra tonse timakudziwa. Magetsi a galimoto atangozimiririka, anamanga tochi pamphumi nalowa m'mitengo. Kwawo ku Rönnfallet kunali kuseri kwa nkhalango yomweyo. Anadziuza kuti akungodula njira, ndipo podutsa aione mbendera yamwanoyo, poti mbenderazo zimakhala momwemo mpaka Lamlungu.

Foni inali m'chikwama, chikwama chili m'galimoto. Palibe amene ankadziwa kuti walowa m'nkhalango, ndipo nkhalango imeneyo si yolowa wekha osauza munthu. Makolo athu anakumba chitsulo m'menemo, nasiya maenje akuya odzaza madzi akuda. Ena anawatchinga ndi waya. Ena waya wake anagwa kalekale.

Anafika pa nyumba yakale ya anthu a mumgodi, yofiira, yopanda mwini, chitseko chili pululu. Sanaiyang'ane kawiri. Anaima pakona pake, naika kampasi pamapu, natsata singano akuwerenga mapazi. Kudzanja lamanja kunabwera chitunda, monga mapu ankanenera. Kumanzere kunabwera dambo. Kungoti dambolo linatalika kuposa la pamapu, ndipo iye anati ndi mvula ya chaka chino. Chimwala chomwe chinayenera kukhala patsinde pa chitunda panalibe, ndipo iye anati wojambula mapu anajambula ali ndi tulo. Ndiwo matenda athu othamanga m'nkhalango: mapu akakana, timawakakamiza kuvomera.

Tochi inayamba kufooka. Inali itagwira kale ntchito maola awiri. Udzu unali utauma gwa ndi chisanu, mpweya wa m'kamwa ukutuluka ngati utsi. Nkhalango yonse inali zii.

Kenako anamva madzi akudontha.

Tho... tho... tho...

Anaima. Kudonthako kunalekanso. Madzi angadonthe bwanji usiku woti chilichonse chaundana? Anayenda. Kunayambanso, kumbuyo kwake, chapafupi. Tsitsi linamuima. Sanacheuke. Anawonjezera liwiro.

Patsogolo, pakati pa mitengo, china chake chinang'anima. Mbendera! Mtima unalumpha. Anathamangira komweko.

"Ima!"

Miyendo inaima yokha. Kamwala kanachoka pansi pa nsapato yake, kanagubuduka, kanasowa. Anadikira kuti akamve kakugwa. Zii... zii... Kenako, kutali pansi, chubwi!

Anaweramitsa tochi. Patsogolo pa zala zake panalibenso dothi. Panali chidzenje chakuda bii. Chong'anima chija chinali waya wakugwa, wokutidwa ndi chisanu, tsidya lina la dzenjelo.

 Anabwerera phazi limodzi. Lachiwiri. Anacheuka.

Pafupi ndi mtengo panaima mwamuna wamtali, wa zaka ngati zake zomwe. Pamphumi anali ndi chinyali chachikale chowala chachikasu, chingwe chake chikutsikira ku chibatire cha kumsana. Pamkono anamangirira khadi lapepala, lija ankaboola akale pa mbendera iliyonse. Pachifuwa panali nambala 114.

"Singano imanama pano," anatero munthuyo. Mawu ake anali otsika, osafulumira. "Pansipa pali chitsulo. Chimakukokera kumanzere pang'onopang'ono, iwe osadziwa."

"Ndi... ndimadziwa zimenezo," anatero Tyra.

"Inenso ndinkadziwa."

Tyra anayang'ana kampasi m'manja mwake.

"Uli pa chitunda china, chemwali. Ziwirizi zimafanana ngati mapasa. Ika kampasiyo m'thumba. Tsata nyali yanga."

Pomwepo tochi ya Tyra inaphethira kawiri n'kuzimiratu. Panalibe kuchitira mwina. Anamutsata.

Anayenda mokhotakhota. Kawiri konse munthuyo anapatuka popanda chifukwa chooneka, ndipo kawiri konse Tyra anamva mphepo yozizira ikuchokera pansi, chakumbali kwake. Maenje. Akanakhala yekha sakanawaona.

Udzu unkathyoka pansi pa mapazi a Tyra. Pansi pa mapazi a munthuyo sunkalira.

Tyra ankapuma utsi. Munthuyo ayi.

Tho... tho... tho... Madzi ankadontha m'manja mwa malaya ake, m'tsitsi, m'chigongono. Sankanjenjemera n'komwe.

"Ndinu a kalabu iti, achimwene?" Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

 Munthuyo anayenda kanthawi, kenako anafunsa osacheuka: "Kodi onse afika?"

"Afika kalekale. Apita kwawo."

"Ayi. Si onse."

 Tyra anafuna kuthawa, koma athawire kuti? Anafuna kupemphera, mawu osabwera. Anangoyang'ana nyali yachikasuyo, phazi ndi phazi, mano akugundana.

Kenako anamva mtsinje. Mitengo inatseguka. Patsogolo panali mlatho wamatabwa wa ku Rönnfallet, ndipo tsidya linalo, pakhonde la nyumba yoyamba, pankayaka babu.

Munthuyo anaima pamene pamayambira matabwa.

"Ine ndithera pano."

"Tiyeni mukaothe moto. Mwanyowa..."

"Unditumikire kanthu kamodzi. Lamulo ukulidziwa. Wolowa m'nkhalango amakanena kumapeto kuti watuluka, ngakhale walephera. Apo ayi, wa patebulo wolemba obwera sapita kwawo." Anakhudza nambala ya pachifuwa. "Ine sindinakanene. Ukanene kuti 114, Folke, wasiya mpikisano. Asadikire."

Tyra anaponda thabwa loyamba, lachiwiri, nacheuka. Nyali ija inali kale kutali m'mitengo. Inkabwerera komwe anachokera. Inkatsika... inkatsika... ngati munthu akutsika makwerero. Kenako mdima.

Anathamanga! Sanathamangepo chotero pa mpikisano uliwonse. Anakagwera pachitseko cha nyumba ya babu ija, nachimenya ndi manja onse awiri.

Anatsegula mayi Gunvor, mayi wachikulire amene kwa zaka zambiri ankakhala patebulo la kumapeto kwa mipikisano ya kalabu, kulemba obwera. Anali atavala chijuzi, ndipo maso awo sanali a munthu wodzutsidwa kutulo.

"Tyra! Mwana iwe, wakuthamangitsa ndani? Lowa, lowa, ukulowetsa chisanu."

Anamukhazika pafupi ndi mbaula, namufunditsa bulangete, namupatsa msuzi wa mabulosi wotentha. 

"Mayi, imbani foni. M'nkhalango muli munthu. Wanyowa thupi lonse, afa ndi chisanu. Wandichotsa pakamwa pa dzenje, kuseri kwa nyumba yofiira. Phazi limodzi lokha, bwenzi nditagweramo."

"Wa kalabu iti?"

"Sananene. Wangondituma mawu. Akuti ndikanene kumapeto kuti nambala 114, Folke, wasiya mpikisano."

Mayi Gunvor anali atagwira kale foni. Anaibweza pamalo pake pang'onopang'ono. Anakoka mpando, nakhala moyang'anana naye. 

"Wamtali?" anafunsa. "Chibatire kumsana?"

"Eya."

"Chibatire chimenecho ndinamusokera thumba lake ndine." Anapukuta manja pachijuzi, ngakhale anali ouma. "Folke anali mwamuna wanga. Tinali titakwatirana miyezi isanu. Usiku wa mpikisanowo patebulo ndinali ine. Onse anafika, mmodzimmodzi, ndikuwalemba. Anthu anayamba kupasula mahema. Ine ndinakhalabe. Kunacha ndili pompo, pensulo ili m'manja."

Tyra anaika kapu pansi.

"Anamufuna milungu itatu, mpaka chipale chofewa chinakwirira zonse. Anamupeza madzi oundana atasungunuka, m'mwezi wa Epulo. M'dzenje lomwelo limene unaima pakamwa pake, mwanangu. Papita zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi."

Kuzizira kumene Tyra sanakumve m'nkhalango kunamulowa pamenepo, pafupi ndi moto. Anayang'ana nsapato zake. Kunsonga kwa yakumanja kunali dothi lofiira la mumgodi. Analira, osabisa, kulira kwa munthu amene waona manda ake n'kubwerako.

Mayi Gunvor sanalire. Anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Tandiuzanso. Mawu ake enieni, usasinthe."

"Anati, 'Ukanene kuti 114, Folke, wasiya mpikisano. Asadikire.'"

"Asadikire," anabwereza mayiwo, akugwedeza mutu. Milomo inanjenjemera ngati akufuna kuseka. "Wachedwa nazo, Folke. Unali wochedwa chikhalire."

Anadzuka, nayenda mpaka pachitseko, natsegula. Anaima pamenepo kanthawi akuyang'ana tsidya la mlatho, kumene mitengo inali bii. Kenako ananena mokweza, ndi mawu a patebulo aja amene othamanga onse a kuno anakula akuwamva:

"Nambala 114, ndakulemba. Onse afika."

Anatambasula dzanja nazimitsa babu la pakhonde.