Chibwano Chokha Basi

Darae anakumana ndi Wonsik mu situdiyo yojambulira zithunzi mumzinda wa Busan. Darae anali mtsikana wothandiza mayi ake kugulitsa nsomba kumsika, koma tsikulo ankafuna chithunzi chofunsira ntchito.

"Tadzutsani mutu pang'ono," anatero Wonsik, mnyamata wamtali wonunkhira bwino. Kenako anatsitsa kamera. "Pepani, manja akunjenjemera. Mumamwetulira chonchi tsiku lililonse?"

Darae anagwira pakamwa ndi manyazi. Ntchito sanaipeze, koma anapeza chibwenzi.

Mauthenga pafoni ankangogwa ngati mvula. "Wadya, duwa langa?" "Ukatsokomola iwe, chifuwa chimapweteka changa." "Chaka chino chisanathe ndikuveka mphete!"

Koma Wonsik sankamutengerako kwawo. Bambo ake anali bwana pakampani ya sitima zapamadzi, ndipo mayi ake ankasankha kwambiri. "Dekha, wapamtima, ndikulambula njira," ankatero Wonsik.

Tsiku lokumbukira kubadwa kwa Darae, uthenga unalowa: "Utchene. Ndili ndi mphatso yosintha moyo wathu."

Si mphete imeneyi? Anapaka mandimu m'manja kuti fungo la nsomba lichoke, n'kuvala diresi yatsopano.

Wonsik anamulowetsa m'nyumba yosanja yonyezimira. Chitseko chitatseguka, Darae anazizidwa. Chinali chipatala chokonzera nkhope!

Dokotala sanamufunse n'komwe dzina. Anamugwira chibwano, kuchitembenuzira uku ndi uku ngati kasitomala wokayikira nsomba yadzulo, kenako anayamba kumulemba mizere yakuda kumaso.

"Fupa ili tipala. Mphunoyi tikweza. Tifike apa," anatero, akuloza chithunzi pakhoma.

Darae anayang'ana. Tsitsi linali lake, ndolo zake, koma nkhope yowonda ngati chidoleyo sankaidziwa.

"Ameneyu ndani?"

"Ndiwe, duwa langa," anayankha Wonsik monyadira. "Ndinangokonza pang'ono pakompyuta. Amayi atachiona anakukonda nthawi yomweyo! Kutupa kukatha, tikawaone."

"Wakhala ukuwaonetsa chimenechi?"

"Anzanganso. Onse amandisirira! Komanso ukakafika, za nsombazo usakatchule. Ndinati mayi ako ali ndi lesitilanti."

M'kamwa mwa Darae munadzadza malovu owawa. Milomo yomwe inkamupsompsona ija ndi imene ikulankhula zimenezi? Ndiye kuti pomupsompsonapo ankayeza fupa loti apale?

"Usandikhudze!" anakuwa Darae, Wonsik atatambasula dzanja. "Kakwatire kompyuta yakoyo!"

Anatuluka mizere ili kumaso. Ali m'sitima yapansi panthaka, foni inalira. Anali Wonsik.

"Usakwiye, mtima wanga. Chabwino, mphuno tiisiya. Chibwano chokha basi."

Darae anafufuta nambalayo, misozi ikusakanikirana ndi inki.

Moyang'anana naye munakhala mtsikana wina, nkhope yonse ili m'mabandeji, maso okha ali panja, otupa ngati walumidwa ndi njuchi. Anayang'ana mizere ya Darae, n'kumusisita bondo mwachifundo.

"Musalire, achemwali," ananong'ona movutikira, pakamwa pakukanika kutseguka. "Zimangopweteka masiku oyamba. Wangatu walonjeza kuti zikangotuluka bwino, andifunsira ukwati."

"Nanga zikapanda kutuluka bwino?"

Mtsikanayo anangophethira.

Sitima itaima, Darae anatsika ngakhale sipanali potsikira pake. Anathamangira kuchimbudzi, n'kusanza mpaka m'mimba munatsala mphepo yokha.